Musanagule half crown ya Southern Rhodesia: kuiyeza, kuipatsa giredi ndi kudziwa poimira mtengo

Ndalama zachitsulo zakale zimene zimatuluka m'masutikesi a agogo kuno kwathu nthawi zambiri ndi za mitundu inayi: za ku Britain, za Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi zoyamba za Malawi za 1964 zokhala ndi mutu wa Kamuzu. Pa zonsezi imene imakopa maso ndi half crown. Ndi yaikulu, imamveka kulemera m'manja, ndipo ikakhala yoyera munthu amangoti basi ameneyu ndi siliva. Inali masheleni awiri ndi theka, ndipo pamene dziko linasamukira ku kwacha mu 1971 mphamvu yake inali ya 25 tambala.

Ndasankha half crown ya Southern Rhodesia chifukwa ndi imene imasocheretsa anthu ambiri. Inkagwira ntchito ku Nyasaland kuno, choncho ilipo m'midzi ndi m'matauni mwathu. Kulemera kwake sikunasinthe kuyambira 1932 mpaka 1954, koma chitsulo chake chinasintha kawiri. Mukaizolowera imeneyi, njira yake ndi yomweyo pa ndalama ina iliyonse yakale.

Popita kukaona ndalamayo tengani sikelo ya digito yowerenga mpaka 0.01 g, monga zimene amagwiritsa ntchito ogula miyala ya mtengo wapatali, galasi lokulitsa la 10x, maginito, rula kapena kalipa, ndi kansalu kofewa koyala patebulo. Foni ikhale ndi bando. Kumanani masana, pafupi ndi windo kapena panja pamthunzi. Wogulitsa akakana kuti muiyeze, kapena akamakakamira kukumana madzulo m'galimoto, nkhani ithere pompo.

Yambani ndi chaka

Wogulitsa asanayambe kufotokoza za agogo ake amene ankagwira ntchito kwa bwanamkubwa, tembenuzani ndalamayo muwerenge chaka. Chakacho ndi chimene chikuuzeni chitsulo. Za 1932 mpaka 1942 ndi siliva wa 0.925, kutanthauza kuti magawo 925 pa 1000 alionse ndi siliva weniweni. Za 1944 mpaka 1946 ndi siliva wa 0.500, theka lokha. Kuyambira 1947 mulibe siliva ngakhale pang'ono, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo, ngakhale kuti imaoneka yoyera chimodzimodzi. Half crown za Chitaganya zimene zinkayenda m'misika, komanso ya Malawi ya 1964, nazonso zilibe siliva. Za ku Britain zinali za 0.925 mpaka 1919, za 0.500 kuyambira 1920 mpaka 1946, kenako siliva anatha.

Mukatero onani ngati mutu wa mfumu ndi mawu ozungulira zikugwirizana ndi chakacho. Za 1932 mpaka 1936 zili ndi George V atavala chisoti chachifumu. Kuyambira 1937 ndi George VI, nayenso wovala chisoti, ndipo mawu ake ndi GEORGE VI KING EMPEROR. India italandira ufulu mu 1947 mawu oti EMPEROR anachotsedwa, moti kuyambira 1948 pamalembedwa KING GEORGE THE SIXTH. Ya 1954 ili ndi Elizabeth II. Izi si za mbiri chabe. Mukapeza ndalama yolembedwa 1940 koma mawu ake ndi KING GEORGE THE SIXTH, dziwani kuti wina wakonza nambala kapena ndi yopanga. Ina imene imatembenuza anthu mitu ndi yokhala ndi mutu wa Edward VIII ndi chaka cha 1936. Southern Rhodesia sinatulutse ndalama yoyenda m'misika yokhala ndi mutu wa mfumu imeneyi, ndipo zimene zimapezeka zinapangidwa pambuyo pake ngati zokongoletsa.

Si chaka chilichonse chimene anadinda half crown, ndipo kuchuluka kwake kunkasiyana chaka ndi chaka. Tsegulani Numista, tsamba la pa intaneti la mndandanda wa ndalama za maiko osiyanasiyana, pa foni, lembani dzina la dziko ndi mtundu wa ndalama, muone ngati chaka chimenecho chilipo pa mndandanda ndi kuti anadinda zingati.

Kodi ndi yeniyeni?

Ikeni pa sikelo. Yatsopano inkalemera 14.14 g, ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi 32 mm. Imene yayenda m'matumba zaka zambiri imapungukako, choncho 13.8 g kapena 13.9 g pa ndalama yooneka yotha si chodabwitsa. Chodabwitsa ndi ndalama yooneka ngati yangotuluka ku fakitale koma ikulemera 13 g, kapena yopitirira 14.3 g. Zoterozo ine ndimazibweza osafunsanso zambiri.

Pano pali msampha. Ya siliva ndi ya mkuwa ndi nikelo zimalemera chimodzimodzi, motero sikelo singakuuzeni kuti iyi ndi siliva. Kusiyana kuli pa kuchindikala: siliva ndi wolemera kuposa mkuwa ndi nikelo, choncho ya 1950 imachindikala pang'ono kuposa ya 1938 kuti zifanane pa sikelo. Ngati muli ndi ina imene mukuidziwa bwino, zigundanitseni cham'mbali muyerekeze.

Maginito nawo anthu amawakhulupirira mopitirira. Siliva sakokedwa ndi maginito, koma mkuwa wosakaniza ndi nikelo wa ndalama zimenezi nawonso sukokedwa. Ndalama ikamatira ku maginito ndiye kuti ndi feki yachitsulo wamba, basi. Ikapanda kumatira, simunadziwe kanthu. Kulira kwake kumathandizako: ikhazikeni pansonga ya chala, muigogode pang'ono m'mphepete ndi pensulo. Siliva wa 0.925 amalira mokweza ndipo kulirako kumachedwa kutha, pomwe youmba ndi mtovu imangoti phwa. Musaiponye pa simenti kuti muimve, chifukwa mukaibuntha m'mphepete mwaitsitsa mtengo, ndipo mwini wake ali ndi chifukwa chokulipiritsani.

Kenako galasi. Ndalama zimenezi zinkadindidwa ndi makina amphamvu a Royal Mint ku London, kotero zilembo zake zimakhala zakuthwa ndipo malo osalala amakhala osalaladi. Feki youmba m'chikombole imakhala ndi timaenje ting'onoting'ono ngati tobooledwa ndi singano, tizotupa pakati pa zilembo, zilembo zooneka zonenepa, ndipo nthawi zina mzere wopyapyala wozungulira m'mphepete pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Timizere ta m'mphepete tikhale totalikirana mofanana kuzungulira konse. Yang'anitsitsani nambala yomaliza ya chaka: ngati pozungulira pake pali mopalidwa, kapena mtundu wa chitsulo ukusiyana ndi wa manambala anzake, wina wagwirapo ntchito.

Zilema zimene zimapha mtengo

Musanaganize za giredi, muyeso wa kutha kwa ndalama, fufuzani zilema, chifukwa ndalama yachilema siiwerengedwanso pamodzi ndi zinzake. Bowo lobooledwa ndi msomali, bowo lotsekedwa, chipsera cha mtovu pamwamba pa mutu wa mfumu pamene panali kandowe ka mkanda, kupindika, dzina lozokotedwa ndi mpeni, mphepete yobunthika, zonsezi zimaoneka msanga. Za m'nthaka zimakhala zodyekadyeka, ndipo zokhala ndi mkuwa wambiri zimatuluka madontho obiriwira.

Chilema chofala kwambiri kwathu kuno ndi kutsuka. Munthu akapeza ndalama yakuda amaganiza kuti akaiwalitsa ndiye ikwera mtengo, ndiye amaikwecha ndi phulusa, mchenga, mandimu, mankhwala otsukira mano kapena polishi wa zitsulo. Imatuluka ikung'anima, koma kwa wodziwa yafa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuti muione, igwireni m'mphepete, muipendeketse pang'onopang'ono pa kuwala kochokera mbali imodzi. Yokwechedwa imaonetsa timikwasa tambirimbiri topyapyala tolowera mbali imodzi, makamaka pamalo osalala kutsogolo kwa nkhope ya mfumu. Chizindikiro china ndi kuyera mbee pamalo otseguka pomwe m'makona a zilembo mwatsalira litsiro lakuda. Yopukutidwa ndi polishi imawala ngati supuni, kuwala kofanana paliponse, ngakhale pamene chitsulo chinatha kalekale.

Kuderako kwachibadwa, kotuwa, kofiirira kapena kwa mitundumitundu, si chilema. Osonkhanitsa ndalama ambiri amakukonda, chifukwa ndi umboni woti palibe anaigwiragwira.

Kuipatsa giredi

Apa ndi pamene pali ndalama zenizeni, chifukwa half crown ziwiri za chaka chimodzi zikhoza kusiyana mtengo kangapo konse chifukwa cha giredi yokha. Giredi ndi muyeso wa mmene ndalama yathera poyenda m'manja mwa anthu. Ku Britain amagwiritsa ntchito mawu: Fine, Very Fine, Extremely Fine ndi Uncirculated, mwachidule F, VF, EF ndi UNC. Ku America amagwiritsa ntchito manambala kuyambira 1 mpaka 70, njira imene William Sheldon anayambitsa mu 1949. Pa manambalawa F ndi 12 mpaka 15, VF ndi 20 mpaka 35, EF ndi 40 mpaka 45, AU, yoyendapo pang'ono chabe, ndi 50 mpaka 58, ndipo kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi MS, yosayendapo. Chenjerani kuti a ku Britain amaumira giredi: imene iwo akuitcha EF, ku America kawirikawiri imakalowa mu AU. Poyerekeza mitengo muzidziwa kuti mukuwerenga chilankhulo cha mbali iti.

Ndalama imayamba kutha pamalo otukuka. Pa mutu wa George V ndi George VI yang'anani lamba wa chisoti pamene pali timiyala tokongoletsa, timikanda ta pa mauta a chisoticho, khutu, tsaya ndi tsitsi la pamwamba pa khutu. Pa George V onjezani ndevu ndi zovala za paphewa. Kumbuyo yang'anani chisoti cha pamwamba pa chishango, kamkango ka m'chishangomo ndi piki.

Ya F ndi yotha ndithu. Mawu onse ndi chaka zikuwerengeka, mutu ukuoneka bwino, koma lamba wa chisoti wasalala, timiyala tambiri tasowa, ndipo khutu latsala maonekedwe akunja okha. Zambiri zimene zimatuluka m'midzi zili pamenepa kapena kutsikirapo. Ya VF yatha pamwamba pokha: timiyala ta pa lamba tikuoneka ngakhale taphwatalala, m'kati mwa khutu muli mizere, ndevu za George V zikusiyanitsika m'malo ambiri, kamkango kali ndi miyendo ndi mchira zomveka. Ya EF mumachita kufunafuna ndi galasi kuti mupeze potha, ndipo mumapeza pansonga zenizeni zokha, monga pa tsaya ndi pa timikanda tapamwamba. Pakati pa zilembo pamakhala patatsalira kunyezimira kwa ku fakitale.

Kunyezimira kumeneku ndiko kumalekanitsa EF ndi UNC, ndipo ndi kosiyana ndi kuwala kwa polishi. Podinda, chitsulo chimayenderera kuchoka pakati kupita kunja n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Mukapendeketsa ndalama yosayendapo n'kumaizunguza, kuwala kumayenda mozungulira ngati masipoko a njinga. Pa UNC kuwalako kumadutsa pa tsaya la mfumu osaduka. Kukaduka pa tsaya kapena pa chisoti, n'kusiya kamalo kotuwa, ndalamayo inayendapo, kaya wogulitsa alumbire motani. Timabala ting'onoting'ono togundana ndi zinzake m'thumba la ku banki sitiichotsa pa UNC, koma timatsitsa nambala yake: MS 61 ndi MS 65 zonse ndi zosayendapo, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Mbali iliyonse ipatseni giredi payokha, ndipo mutenge yotsikayo. Ngati kutsogolo ndi VF kumbuyo ndi EF, mukugula VF. Mukamakayika pakati pa magiredi awiri, tenganinso wotsika, chifukwa tsiku limene mudzagulitse wogula adzachita chimodzimodzi. Njira yachangu yophunzitsira diso ndi kutsegula zithunzi za half crown za chaka chomwecho zimene zinapatsidwa kale giredi ndi akatswiri, n'kuyika yanuyo pambali pa foni. Lembani giredi yanu pa pepala musanamve ya wogulitsa. Mukayamba mwamva yake, diso lanu limayamba kuona zimene iye wanena.

Mtengo wake

Ya siliva ili ndi mitengo iwiri, wa chitsulo ndi wa osonkhanitsa. Wa chitsulo ndi wosavuta kuwerengera. Ya 0.925 ili ndi siliva pafupifupi 13.08 g, ya 0.500 ili ndi 7.07 g. Siliva amagulitsidwa pa aunsi ya 31.1 g, choncho yoyambayo ndi 0.42 ya aunsi ndipo yachiwiriyo ndi 0.23. Tingoyerekeza kuti lero aunsi ili pa madola 40: yoyambayo muli siliva wa madola pafupifupi 17, yachiwiriyo pafupifupi 9. Mtengo weniweni wa tsikulo muupeze pa intaneti, chifukwa umasintha tsiku ndi tsiku. Ndalama ya chaka chofala imene ili pa F, kapena yotsukidwa, kapena yoboola, mtengo wake sutalikira nambala imeneyi. Ya 1947 kupita m'tsogolo ilibe pansi poterepa poti igwere. Ikakhala yotha ndi ya chikumbutso chabe, ndipo imayamba kukhala ndi mtengo womveka ikafika EF kapena UNC.

Mtengo wa osonkhanitsa muupeze pa zimene zinagulidwadi, osati zimene anthu akuitanitsa. Pa eBay sankhani zogulitsidwa kale. Onaninso zotsatira za okushoni za makampani monga Spink, Noonans ndi Heritage, ndipo ngati muli ku Joni, za pa Bob Shop. Fufuzani chaka chomwecho ndi giredi yomweyo, mupeze zingapo, mutaye yokwera kwambiri ndi yotsika kwambiri, muone pamene zotsalazo zaunjikana. Munthu aliyense akhoza kuyika khobidi lake pa intaneti n'kulembapo madola 50,000, ndipo chithunzi cha zimenezo n'chimene chimazungulira pa WhatsApp n'kumapenga nacho anthu. Khobidi loboola pakati la Chitaganya, la njovu ziwiri lija, linadindidwa mamiliyoni. N'chimodzimodzi R5 ya Mandela ya 2008 ku South Africa: zochepa zimene zinapeza giredi yapamwamba zedi zinagulidwa modula, koma yotuluka pa chenji cha mu taxi ndi R5 basi. Nkhani zoti ndalama yakale ili ndi mekyule m'kati, imakoka mpunga, kapena kuti pali mzungu akudikira kuigula mamiliyoni mukangolipira kaye ya mayendedwe, ndi njira zobera anthu.

Pa nambala imene mwapeza chotsanipo zimene zingadzakudyereni pogulitsa. Msika wa ndalama zimenezi uli kunja, ku South Africa, ku Britain ndi ku America, kotero pali kutumiza, inshulansi, ndi gawo limene okushoni kapena tsamba la intaneti limadula. Wogulitsa ndalama zakale wa shopu sangakupatseni mtengo umene iye amagulitsira. Chotsalacho ndiye denga lanu. Lilembeni pa pepala lomwe lija, pansi pa giredi.

Kugula kapena kusiya

Ndalama yokhala mu kabokosi kapulasitiki komata ka PCGS kapena NGC, makampani a ku America amene anayamba mu 1986 ndi 1987, imachepetsa nkhawa, chifukwa akatswiri anaiona kale. Komabe timabokosi tabodza tiliko. Pa chizindikiro pake pali nambala. Ilembeni pa tsamba la kampaniyo muone ngati dziko, chaka ndi giredi zikugwirizana, ndipo ngati pali chithunzi yerekezani timabala take ndi ta imene ili m'manja mwanu. Mukaona mawu oti Details pa chizindikirocho, ndiye kuti ndalamayo ndi yeniyeni koma ili ndi chilema monga kutsukidwa, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa giredi imene yatchulidwayo. Kutumiza nokha ndalama kuti akaipatse giredi kumadya ndalama zambiri, kotero pa half crown ya VF ya chaka chofala n'kungotaya.

Funsani wogulitsa kumene anaitenga. Simukufunsa kuti mumve nthano, koma kuti musagule yakuba, ndipo amene wabweretsa mulu wa ndalama zosankhidwa bwino koma sakudziwa ngakhale dzina la imodzi ndi wofunika kumukayikira. Ngati mukugula pa intaneti, pemphani zithunzi zowala za mbali zonse ziwiri ndi za m'mphepete, china ili pa sikelo, ndipo mugwirizane kuti mukhoza kubweza ikapezeka yosiyana ndi zithunzizo. Osatumiza ndalama pa foni kwa munthu amene simukumudziwa katundu musanamuone.

Maganizo anga ndi awa. Ya siliva yotha koma yeniyeni, igulani ngati mtengo wake uli pafupi ndi wa chitsulo, simungaluze zambiri. Ya EF kapena UNC yosatsukidwa, ya chaka chilichonse, ndi imene iyenera kulipiridwa bwino, chifukwa zoterozo sizipezeka kawirikawiri kumadera kumene ndalama zinkayenda mpaka kusalala. Yotsukidwa ndimaigula pa mtengo wa siliva wokha, ngakhale ikongole bwanji. Ya chaka chosowa, yodula, yopanda kabokosi, imene simungathe kuitsimikiza nokha, isiyeni mpaka wina wodziwa aione. Ndipo half crown imodzi yabwino imaposa khumi zotha zogulidwa ndi ndalama zomwezo.

Potsatsana, onetsani wogulitsa zimene mwaona. Mupatseni galasi aone yekha timikwasa, muonetseni sikelo ndi mitengo ya zogulitsidwa kale pa foni. Ambiri sakufuna kukuberani, anangomva mphekesera, ndipo amafewa akaona manambala. Akapitirira denga limene munalemba, thokozani, musiyireni nambala yanu ya foni, nyamukani.

Mukagula, musaitsuke, ngakhale ndi nsalu youma. Muziigwira m'mphepete mokha, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo chosachoka. Isungeni payokha mu kapisozi kapulasitiki kolimba kapena mu kaenvelopu kapepala kopangira ndalama, pamalo ouma. Pewani timatumba tapulasitiki tofewa ta PVC, timene pakapita nthawi timatulutsa zonanda zobiriwira zodya chitsulo, makamaka kumalo otentha ndi achinyezi monga kunyanja ndi ku Lower Shire. Lembani chaka, kulemera, giredi imene munaipatsa, mtengo ndi tsiku logula, ndipo jambulani mbali zonse ziwiri. Ngati mukufuna kudzaitumiza kunja kwa Malawi, yambani mwafunsa ku dipatimenti ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale, chifukwa lamulo la Monuments and Relics Act limafuna chilolezo potulutsa zinthu zina zakale m'dziko muno.